Abambo, maziko a nyumba ija akhale amiyala

Okondedwa abambo ndi amayi,

Muli bwanji kumeneko? Ine kuno ku Sivas ndili bwino, ntchito ikuyenda, tikupumako kuzizira panopa poti ndi nyengo yotentha. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangokuwirana netiweki n'kumaduka, ndiye achemwali muwawerengere pang'onopang'ono abambo amve bwino.

Ndalama ija ndatumiza kudzera kwa achimwene. Koma ndamva zoti mukufuna maziko mungoyala njerwa mizere ingapo kuti simenti itsale ya pulasitala, abambo chonde ayi, pamalo paja mukudziwa nokha kuti dambo lili pafupi, mvula ikalimba madzi amafika mpaka pa mango paja. Ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso angawa mwina mundimvetsa.

Mnzanga wina wakuntchito kwawo ndi kufupi ndi mudzi wa Kayalıpınar m'dera la Yıldızeli, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mtauni muno, ndiye anthu akwawo nthawi yotentha amagwira ganyu yokumba pa chitunda china m'mbali mwa mtsinje wa Kızılırmak. Mtsinjewu ndi wautali kuposa yonse yoyambira ndi kuthera mu Turkey momwemuno, makilomita 1,355, umakathira ku Black Sea, madzi ake ndi ofiirira ndi dothi. Ananditenga kuti ndikaone. Mukafika mungoti ndi kaphiri wamba kodyetserako nkhosa, koma pansi pake pali mzinda wa Ahiti wa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Inde amayi, dzina lomwe lija la Uriya Mhiti mwamuna wa Betiseba, ngakhale ophunzira amatsutsana ngati Ahiti a m'Baibulo aja ndi omwewa ndendende. Awa anali ufumu waukulu zedi, likulu lawo linali Hattusa, pano ndi ku Boğazkale m'chigawo cha Çorum.

Kukumba kwake si kwa ife kuja kokumba chimbudzi ayi. Amamanga zingwe m'mabokosibokosi, n'kumapala dothi pang'onopang'ono, ena ndi burashi, dothi lipite pa wilibala likasefedwe, kaphale kalikonse kalembedwe pomwe kapezeka. Munthu tsiku lonse osatsika ngakhale kufika m'bondo. Ndipo pamakhala munthu wa boma woyang'anira, chilichonse chotuluka pansi ndi cha dziko, ukaponya m'thumba ndi mlandu wa ndende. Anayamba ntchitoyi mu 2005 ndi a ku yunivesite ya Marburg ku Germany, Andreas Müller-Karpe ndi mkazi wake Vuslat, pano akupitiriza ndi eni dziko.

Nde apa ndi pomwe ndikufuna abambo mumve. Ahiti ankamanga pansi ndi miyala ikuluikulu, pamwamba pake zidina ndi mitengo. Zidina zija zinasungunuka kalekale, ndi zomwe zinapanga chitundacho, mitengo inawola ina inapsa, koma miyala ya pansi ija ili pomwepo mzere wake osakhota, moti umatha kuona kuti apa panali chipinda, apa khomo, apa bwalo la nyumba ya mfumu. Pomwe khoma la zidina latsalako ndi pomwe nyumba inapsa, moto unaziwotcha zikhale zofiira ndi zolimba ngati njerwa zotuluka mu uvuni wanu uja. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza za ngalande yosaya yomwe mukufuna kukumba ija.

Moto womwewo ndi womwe umapulumutsanso makalata awo, chifukwa ankalemba pa dongo lofewa pobayabaya ndi kamtengo, zilembo zake zooneka ngati timisomali. Kachidutswa koyamba kolembedwa anakatola pamtunda pomwepo mu 1999, ndipo cha m'ma 2015 anapeza zidutswa zambiri zomwe zinatsimikiza kuti mzindawu ndi Samuha, mzinda womwe unkatchulidwa m'zolemba za Ahiti koma osadziwika pomwe unali. Kale ophunzira ambiri ankaufunafuna kutali ku mtsinje wa Firate, chifukwa pali kalata ina ya Ahiti yonena za mabwato obweretsa chakudya ku Samuha, ndiye iwo amati mtsinje wa mabwato ndi Firate basi. Kani ndi uno, womwe Ahiti ankautcha Marassantiya. Ine nditauona m'nyengo ino madzi atachepa ndinati ndithu mabwatowo anali ang'onoang'ono, lalikulu likhoza kutitimira pamchenga.

Ndipo mzindawu ndi wakale kuposa ufumu wa Ahitiwo. Amalonda ochokera ku Assur, ku Iraq ya lero, ankafika ndi abulu atasenza nsalu ndi chitsulo cha tini zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, msika wawo waukulu unali ku Kanesh kufupi ndi Kayseri koma pa Samuha analinso ndi malo awo. Anthu oyenda maulendo kukasaka ndalama kutali ndi kwawo sanayambe ndi ife amayi.

Koma nkhani yomwe ingawasangalatse agogo ndi ya ufumu. Nthawi ina adani a kumapiri a kumpoto, Akaska, anawotcha likulu Hattusa, mfumu inathawira pa Samuha n'kumalamulira kuchokera pamenepa mpaka zinthu zitabwerera. Patapita zaka, mfumu Muwatalli uja anamenyana ndi Farao Ramesses II ku Kadesh atamwalira, ufumu unapita kwa mwana wake Urhi-Teshub. Bambo ake aang'ono, Hattusili, anali kale ndi dera lawolawo ndi asilikali, ndiye mwana uja anayamba kuwalanda mizinda umodziumodzi, mpaka mkulu uja anati basi zakwana. Nkhondo inathera pa Samuha pomwepa. Hattusili analemba yekha kuti mulungu wake wamkazi wa mzindawu, Shaushka, ena amati Ishtar, anamutsekera mnyamatayo mu Samuha ngati nkhumba m'khola. Mawu amenewo ndi a wopambana, za mwanayo sitinazimve mbali yake, ine ndikuona kuti mkuluyo analanda basi kenako n'kukokera mulungu pa nkhani yake. Sanamuphe koma, anamupitikitsira ku Syria, kenako anakapezeka ku Iguputo. Hattusili yemweyu ndi amene anadzapangana mtendere ndi Ramesses cha m'ma 1259 Yesu asanabadwe, ndipo chofanizira cha pangano limenelo chili ku likulu la United Nations ku New York. Pa Kayalıpınar apezapo ngakhale zidindo za pa dongo zokhala ndi dzina lake ndi la mkazi wake Puduhepa.

Ndalongolola, tibwerere ku nyumba. Ngalande ikumbidwe mpaka mupeze nthaka yolimba, miyala ikatengedwe kuphiri, ndipo maziko atuluke pamwamba pa nthaka ndithu njerwa zisamakhudzane ndi chinyezi. Pulasitala adikire, sindichita manyazi kugona m'nyumba yosapaka, ndidzatumiza ina ya zimenezo ndikalandira. Achimwene afunse mtengo wa tiripi ya miyala pa lole kapena pa ngolo andiuze pa WhatsApp msanga, ndipo mmisiri asayambe kuyala ndisanaone chithunzi cha ngalandeyo, wina aimemo kuti ndione kuya kwake.

Amayi mankhwala a BP aja musamadumphitse. Mupereke moni kwa agogo, azakhali ndi ana onse, muwauze za fizi ndiwaganizira mwezi wamawa.

Ndine mwana wanu,
wa ku Sivas