Bango la m'mbali mwa nyanja si tchire loti lizingotenthedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe zachitika pa gombe lina m'boma la Mangochi, pomwe bwana wina wochokera mumzinda wagula malo, walemba aganyu kuti adule bango lonse ndi kulitentha, kenako wathira mchenga wa pa lole mpaka m'madzi kuti alendo a pa koteji yake azikaothera dzuwa popanda chowabaya kuphazi. Anthu atamufunsa, iye anayankha kuti akukonza malo chifukwa panali pauve. Tithokoze kwambiri bwanayu potiphunzitsa ukhondo, ife amene takhala tikudya chambo chochokera pauve pomwepo kuyambira nthawi ya makolo.

Mwana aliyense wokulira kunyanja amadziwa kuti chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ana ake chimakawatula m'madzi osaya momwe muli bango ndi udzu wa pansi pa madzi, kuti abisale kwa kampango, ng'ona ndi mbalame kufikira atakula kukhala kasawala. Pamalo amene adulidwawa, m'mawa kukacha, munthu ukaponda m'madzi timaona tiana ta nsomba tikubalalika pakati pa mizu. Lero pali zitsa zakuda, phulusa loyandama ndi mpanda wa waya wolowa mpaka m'nyanja, moti amayi otsuka mbale akuzungulira kutali. Kodi bwanayu akuganiza kuti chambo chomwe alendo ake adzachiitanitse pa mbale chimaswana mu firiji?

Zotsatira za khalidwe lotere tinaziona kale ku Nyanja ya Malombe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi kumeneko ankapha matani a chambo oposa 8,000 pa chaka, koma patangotha zaka khumi chiwerengerocho chinagwa kufika pa matani mazana ochepa chabe, makoka a kambuzi ndi nkacha atakokolola udzu wa pansi ndi kusesa nsomba zosakhwima. N'chifukwa chake mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madooko, a BVC, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu eni nyanja azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Zonsezi zinalembedwa, zinalengezedwa pa wailesi, misonkhano inachitika, koma munthu mmodzi wa ndalama wafafaniza malo oswanira m'masiku owerengeka.

Chondiwawa kwambiri ndi tsankho lake. Msodzi wa bwato akapezeka ndi neti ya udzudzu, kapena akaponya khoka nyanja itatsekedwa mu Novembala, amalandidwa zida zake n'kuzitentha anthu akuonerera, ndipo nkoyenera kutero. Nanga wotentha malo amene nsombazo zimabadwira, iye mlandu wake ukuzengedwa kuti? Zomwezi tikuziona kumtunda, komwe anthu akulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje ndi kugwetsa mitengo ya makala, mvula ikagwa matope onse n'kutsikira m'nyanja kukakwirira zisa za nsomba. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo wolemera ndi wosauka yemwe amamvera, chifukwa lamulo la kumeneko siliyang'ana mtundu wa galimoto imene munthu wabwera nayo.

Ndikupempha a Dipatimenti ya Usodzi, a bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndi a khonsolo kuti apite akaone okha, afunse ngati panachitika kauniuni wa zachilengedwe monga lamulo losamalira chilengedwe la 2017 likunenera. Mpandawo uzulidwe m'madzi, mwini wake adzale bango pa ndalama zake, ndipo mafumu pamodzi ndi a BVC aike zizindikiro pa malo onse oswanira omwe atsala mvula isanayambe.

Wodandaula,
Mangochi