Lisiti la malata lidatsala pang'ono kundichotsera ulemu

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yathuyi ndinene za msonkho wa VAT, chifukwa ambirife timaulipira tsiku ndi tsiku koma kuuwerengera kumatisokoneza.

Ine ndine msungichuma wa komiti ya chitukuko pa tchalitchi chathu kuno ku Dedza. M'chaka cha 2024 adandituma ku Lilongwe kukagula malata ndi misomali yofolerera khitchini ya abusa. Sitolo yoyamba imene ndidalowa, mnyamata wogulitsa adandifunsa chapansipansi kuti, “Bambo, mukufuna ndi lisiti kapena popanda lisiti?” Ndalama za mpingo sizigulidwira m'makutu, choncho ndidatuluka. Sitolo yachiwiri ndidalipira K466,000 ndipo adandipatsa lisiti la pamakina a EFD, makina otulutsa malisiti oonetsa msonkho, lokhala ndi TPIN, nambala ya msonkho ya sitoloyo, ndipo pamzere wa VAT padalembedwa K66,000.

Lamulungu titaweruka, ndidapereka lisitilo ku komiti. A mlembi athu, munthu wophunzira ndithu, adatulutsa foni n'kuyamba kudinadina. Adatenga K466,000 n'kuchulukitsa ndi 16.5 peresenti, foni idawapatsa K76,890. Adakweza maso n'kunena kuti, “A msungichuma, lisiti ili likuperewera K10,890. Kodi ndi lenileni?” M'chipindamo mudangoti zii. Amayi ena adayamba kuyang'ana pansi. Zaka zonsezi ndasunga ndalama za anthu osasowetsa ndi tambala yomwe, koma tsiku limenelo thukuta lidandituluka.

Amene adandipulumutsa ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3, madzulo ake kunyumba. Adati, “Agogo, msonkhotu uli kale m'kati mwa K466,000, ndiye simungauwerengerenso pamwamba pake.” Adalemba kuseri kwa kalendala. Mtengo wa malata ndi misomali paokha ndi K400,000. Msonkho wa 16.5 peresenti pa ndalama imeneyo ndi K66,000. Kuphatikiza ziwirizi ndi K466,000 ija. Ndiye ukakhala ndi mtengo womwe msonkho uli kale momwemo, pa mlingo wa 16.5 peresenti wa mu 2024 uja umaugawa ndi 1.165 kuti upeze mtengo wa katundu, chotsalacho ndiye cha boma. A mlembi adawerengera msonkho pa msonkho unzake. Boma likasintha mlingo, njira yake ndi yomweyo, umangosintha nambala yogawirayo.

Sabata yotsatira ndidapita ndi kalendala ija ku komiti. A mlembi adapepesa, sindikuwasungira mangawa.

Chondidandaulitsa n'chakuti VAT idayamba m'dziko muno mu 2005, kulowa m'malo mwa msonkho wakale wotchedwa surtax, koma mpaka lero m'komiti ya akuluakulu khumi ndi awiri mudalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga mzere umodzi wa palisiti, ine ndemwe ndili momwemo. A MRA, bungwe lotolera misonkho, amatilimbikitsa kuti tiziitanitsa lisiti tikagula katundu, ndipo n'zoona, poti popanda lisiti wogulitsa atha kutilipitsa msonkho n'kuuika m'thumba mwake. Koma lisitilo tikalilandira tiziliwerenga bwanji? Ndikupempha a MRA kuti pa wailesi azitipatsako zitsanzo za manambala m'Chichewa, monga thumba la simenti kapena lata limodzi. Inunso a Mkonzi, patsamba la zamalonda mutasiyako kampata ka masamu oterewa mungathandize asungichuma ambiri a mipingo ndi a banki m'khonde.

Msungichuma,
Dedza