Vesi limodzi silikwana pa mapemphero a pabanja

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mapemphero a madzulo m'mabanja mwathu. Ambiri amayamba mu Januwale ndi changu, koma pofika nthawi yokolola Baibulo labwerera pamwamba pa kabati. Si ulesi wokha ayi. Kawirikawiri cholakwika ndi kayendetsedwe kake.

Tiyambe ndi nthawi. Nsima ikangolowa m'mimba ana amayamba kusinza, ndiye khalani pansi ndiwo zikapsa, poto wa nsima asanaterekedwe. Mphindi 15 n'zokwanira: nyimbo imodzi, kuwerenga, kukambirana pang'ono, kenako pemphero. Bambo akasandutsa nthawiyi kukhala ulaliki wa ola lathunthu, kapena bwalo lodzudzulira mwana amene sanatsuke mbale, mawa lake aliyense amapeza chozembera.

Poyambira paponso pamagwetsa anthu. Genesis ndi Eksodo amayenda bwino chifukwa muli nkhani, koma kufika mu Levitiko, pa malamulo a nsembe ndi a khate, banja limagwa ulesi. Yambani ndi Marko. Ali ndi mitu 16 yokha, ndipo mukamawerenga theka la mutu patsiku mutha pafupifupi mwezi umodzi. Mukatero pitani ku Machitidwe. Wamkulu wofuna kumaliza Baibulo lonse la mabuku 66 pachaka adziwe kuti muli mitu 1,189: mitu itatu patsiku, isanu Lamulungu, chaka chikamatha naye watha. Koma umenewo ndi mtolo wa munthu payekha, osasenzetsa ana.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chotsomphola vesi limodzi, monga aja timatumizirana pa WhatsApp m'mamawa, n'kulisandutsa chakudya cha banja lonse. Taonani Afilipi 4:13, vesi lonena zokhoza zonse mwa Iye wopatsa mphamvu. Timalitchula polowa m'mayeso ndi poyamba bizinesi, ngati lonjezo lakuti zonse zitiyendera. Bwererani pa vesi 11 ndi 12. Paulo akulemba ali m'ndende, ndipo akunena kuti waphunzira kukhuta ndi kugona ndi njala, kukhala nazo ndi kusowa. "Zonse" zakezo n'zimenezo. Banja limene ufa wathera m'thumba mu Febuluwale lingapeze chitonthozo chenicheni m'mavesi atatuwa pamodzi, pomwe vesi 13 palokha lingawasiye akudzifunsa ngati chikhulupiriro chawo n'choperewera.

Chimodzimodzinso Yeremiya 29:11, vesi lonena kuti Mulungu akulingalirira anthu ake za mtendere osati za choipa. Ndi kalata yopita kwa akapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 likuti adikira zaka 70. Pa vesi 5 akuuzidwa kumanga nyumba ndi kulima minda komweko. Ambiri mwa amene anamva kalatayo sanabwererenso kwawo.

Choncho musanamasulire, werengani mavesi asanu a m'mbuyo ndi asanu a kutsogolo, ndipo ana ayankhe okha: akuyankhula ndani, akuuza yani, zinthu zili bwanji kumeneko? Mawu akale a mu Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, akawavuta, werengani ndime yomweyo mu Buku Loyera la mu 1998. Wowerenga azisinthana tsiku ndi tsiku, ngakhale mwana wa Sitandade 4 amene akadodomabe pa dzina la Nebukadinezara.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu,
Dedza