Malamulo oyendetsera dziko la America anabadwa m'mikangano

A Mkonzi,

Ambiri amatamanda malamulo oyendetsera dziko la America ngati kuti olemba ake anali a mtima umodzi. Ayi ndithu.

Malamulo oyamba, Articles of Confederation a 1781, sankalola boma lalikulu kukhometsa msonkho. Linkangopempha ndalama ku zigawo 13 za dzikolo, ndipo zambiri zinkapereka mwa apo ndi apo. Alimi a ku Massachusetts atagalukira mu 1786 chifukwa cha ngongole ndi misonkho, zinaonekeratu kuti zinthu zafika pothina.

Nthumwi 55 ndi zomwe zinatenga nawo mbali pa msonkhano wokonzanso malamulowo mumzinda wa Philadelphia, umene unayamba pa 25 Meyi 1787, George Washington ali wapampando. Chigawo cha Rhode Island chinakana kutumiza munthu. Panagona nkhani ndi pa mipando ya m'nyumba ya malamulo. Ndondomeko ya James Madison, nthumwi ya chigawo cha Virginia, inkafuna kuti mipando igawidwe potengera kuchuluka kwa anthu, koma zigawo zing'onozing'ono monga Delaware zinakanitsitsa poopa kumezedwa. Pa 16 Julayi anagwirizana zokhala ndi nyumba ziwiri: ina yotengera chiwerengero cha anthu, ina ya masenetala awiri chigawo chilichonse.

Chochititsa manyazi n'cha ukapolo. Pogawa mipando, akapolo asanu ankawerengedwa ngati anthu atatu, chonsecho sankavota, ndipo boma linaletsedwa kuthetsa malonda obweretsa akapolo chisanafike chaka cha 1808.

Pa 17 Sepitembala anasaina anthu 39. George Mason, mmodzi wa nthumwizo, anakana, podandaula kuti mulibe ndime zoteteza ufulu wa nzika. Ndimezo zinadzalowa mu 1791.

Ine wowerenga wanu.