Sopo wometera ndevu: wosunga ndi wotaya

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi abambo omwe amatuluka tiziphuphu pakhosi akameta. Ndevu zathu n'zopotana, ndiye lezala likazidula pafupi kwambiri ndi khungu zimapindikira mkati n'kutupitsa. Sopo wosayenera amangowonjezera moto.

Sopo wochapira zovala musiyeni kuchochapira. Amaumitsa khungu ndipo thovu lake limaphwa msanga, lezala n'kumakanda pouma. Sungani sopo kapena kirimu wokhala ndi glycerin, mankhwala oterera omwe amasunga chinyontho pakhungu. Muyeseni chonchi: nyowetsani ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi 3, pakani kirimu wochuluka ngati njere ya mtedza, kenaka tikitani thovulo pakati pa zala. Likaterera, ndi wabwino. Likauma musanamalize tsaya limodzi, mutayeni. Wonunkhira kwambiri kapena wozizira ndi menthol amawotcha ena, ngakhale akhale wodula chotani.

Kirimu amene wasintha fungo, mtundu, kapena wayamba kulekana ndi madzi ake, ntchito yake yatha. Sopo wa m'kambale muzimuyanika osavundikira mukatha kumeta, apo ayi amafewa n'kuchita nkhungu.

Ufa wosungunula ndevu uja yambani mwauyesa pamkono, ndipo musaupake pamalo pomwe padutsa lezala dzulo lake.

Wometa tsitsi,
Limbe