Eni mabizinesi, mumveni kaye wantchito musanamuchotse

Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi eni magolosale, zigayo, malo odyera, magalaji, malo ogona alendo ndi ena onse amene analemba anthu ntchito, ngakhale atakhala awiri okha. Nkhani yathu ndi ya kuchotsa munthu ntchito. Bwana akagonja pa mlandu wotere, nthawi zambiri sikuti wantchitoyo anali wosalakwa ayi. Bwanayo amakhala kuti anamuthamangitsa ndi mkwiyo, sanamufunse mbali yake, ndipo alibe pepala lililonse losonyeza zomwe zinachitika. Zimatipweteka kuona bizinesi yomwe munthu anaivutikira zaka zambiri ikulipira chipukuta misozi kwa munthu yemwe anaibera, pamene msonkhano wa ola limodzi ukanateteza ndalamazo.

Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, pa gawo 57, limafuna zinthu ziwiri. Pakhale chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la wantchito, kulephera kwake ntchito, kapena mmene bizinesi ikuyendera. Ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kulephera ntchito, munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Chimodzi chikasowa, bwalo likhoza kunena kuti munamuchotsa mopanda chilungamo. Gawo 61 limaika udindo wofotokoza chifukwacho pa inu olemba ntchito. Mukalephera kuchifotokoza, lamulo limangotenga kuti kuchotsako kunali kolakwika.

Tiyerekeze kuti mwawerenga katundu m'shopu ndipo matumba a simenti khumi sakuoneka. Musayambe ndi kukalipa pamaso pa makasitomala. Sonkhanitsani umboni: buku la katundu, malisiti, ndi mawu olembedwa a amene anaona, atasainira. Ngati mukuopa kuti munthuyo asokoneza kafukufuku, muimitseni kaye ntchito pomulembera kalata yonena kuti ndi kwa masiku angati komanso chifukwa chake. Kenako mulembereni kalata ina yomuitana, yotchula mlandu mwatchutchutchu: tsiku, katundu wake, kuchuluka kwake. Mawu akuti "ndiwe wosakhulupirika" si mlandu woti munthu angayankhe. Mpatseni masiku angapo okonzekera, muuzeni kuti akhoza kubwera ndi mnzake wapantchito kapena mboni zake, ndipo asainire kope lanu kuti walandira. Akakana kusaina, wina amene analipo alembe kuti wapatsidwa koma wakana.

Pa tsiku lomva nkhaniyo, muwerengereni mlandu, muonetseni umboni, mulole afunse mafunso amene akumuneneza, ndipo wina azilemba zonse zomwe zikunenedwa. Pano ndi pomwe mabizinesi aang'ono amapunthwa, chifukwa mwini wake amakhala ndiye wodandaula, ndiye mboni, ndiyenso woweruza. Ngati n'kotheka, pezani munthu wina amene nkhaniyo siikumukhudza kuti atsogolere. Musabwere ndi kalata yomuchotsa mutailemba kale dzulo lake. Tsiku lolembedwa pa kalatayo lidzakuululani kubwalo. Chigamulo chiperekedwe pambuyo pake, molemba, ndi zifukwa zake.

Ambiri amaganiza kuti akakasiya munthu m'manja mwa apolisi ndiye kuti athana nazo. Mlandu wa kupolisi uli ndi njira yake, wa kuntchito ulinso ndi yake. Kumangidwa kwa wantchito sikulowa m'malo mwa kumumva, ndipo simukuyenera kudikira kuti khoti limupeze wolakwa musanachite mbali yanu. Gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi pa zolakwa zazikulu, monga kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, kukana mwadala malangizo oyenera, ndi kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza. Koma "popanda notisi" sizitanthauza "popanda kumumva". Pa zolakwa zing'onozing'ono, monga kuchedwa, yambani ndi kalata yochenjeza ndipo sungani kope lake. Chenjezo lapakamwa wantchito adzalikana, ndipo inu mudzasowa chogwira.

Pali zifukwa zina zomwe lamulo limazikaniratu. Simungachotse mayi chifukwa ndi woyembekezera; iye ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Simungachotse munthu chifukwa wadwala kwa kanthawi, chifukwa walowa bungwe la antchito, kapena chifukwa anakakudandaulani ku ofesi ya zantchito. Nako kumuzunza munthu kuti asiye yekha, pomuchepetsera malipiro kapena kumunyoza tsiku ndi tsiku, sikupulumutsa. Gawo 60 limamulola kusiya ntchito n'kukadandaula ngati kuti mwamuchotsa ndinu. Chimodzimodzinso chizolowezi chosainitsa kontrakiti ya miyezi itatuitatu kwa zaka zambiri pa ntchito yomwe ndi yokhazikika, monga ya wogulitsa m'shopu: lamulo limamuwerenga munthuyo ngati wolembedwa ntchito yokhazikika, kaya inu mumamutcha waganyu.

Tsopano za ndalama. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi umodzi m'malo mwake. Malipiro a masiku omwe wagwira, ovataimu ndi masiku a tchuthi omwe sanapume ndi ake ngakhale wachotsedwa chifukwa cha kuba. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku asanu. Zonsezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha, pamodzi ndi kalata yosonyeza nthawi yomwe wagwira ndi ntchito yomwe amagwira.

Ngati mukuchepetsa antchito chifukwa malonda sakuyenda, palinso ndalama ya severance allowance kwa aliyense amene wakwanitsa chaka. Mawerengedwe ake ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka kupitirira apo. Munthu wolandira K200,000 pamwezi amene wagwira zaka 7 ayenera masabata 16, zomwe ndi pafupifupi K740,000. Werengani ndalamayi musanalengeze zochepetsa antchito, ndipo kambiranani nawo kaye za mmene mudzasankhire ochoka. Amene wachotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe loipa salandira ndalamayi, koma bwalo likapeza kuti munamuchotsa mopanda chilungamo, mudzailipira pamodzi ndi chipukuta misozi. Gawo 63 limaika poyambira pa chipukuta misozicho: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapitirire zaka zisanu, kukwera mpaka a mwezi wathunthu pa chaka kwa amene anapitirira zaka 15. Apa ndi poyambira chabe, bwalo likhoza kuwonjezera.

Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, yomwe ambiri amangoti kuleba. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku bwalo la Industrial Relations Court, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kalata yokuitanani ikafika, musaiponye m'dirowa poganiza kuti munthuyo atopa. Bwalo limatha kumva mbali imodzi n'kugamula inu kulibe, ndipo zikatero mudzangoona akuluakulu a khoti akubwera kudzalanda katundu wa m'shopu. Pitani, mutanyamula kalata yolembera munthuyo ntchito, buku lomwe amasainira polandira malipiro, makalata ochenjeza, kalata yomuitana, ndi zolembedwa pa tsiku lomwe munamumva. Ngati mukuona kuti pena munadumpha, ndi bwino kugwirizana kuleba komweko, mgwirizanowo ulembedwe ndipo nonse awiri musaine pamaso pa mkulu wa ofesiyo.

Alangizi a zantchito,
Blantyre