Kalata yodandaula za chowothera moto chomwe munandimangira ku Ulongwe

Ulongwe, Angónia

Kwa Bwana Woyang'anira Kampani,
Tete

Bwana,

Ndikulemba kalatayi nditavala majuzi awiri, ndili pabalaza pomwe pali chowothera moto chatsopano chija, chomwe pa pepala lanu la mitengo munachitcha lareira. Moto mulibemo, ndipo sindikolezamonso mpaka inu mutabwera. Ndaimba foni kanayi. Kawiri anandiyankha kuti kapitawo ali ku Moatize, kachitatu anati andiimbira, kachinayi foni inangolira mpaka kuduka. Ndiye ndaona kuti ndilembe, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti sanamve.

Amisiri anu atatu anagwira ntchito pano m'mwezi wa Meyi. Tinagwirizana mameticais 85,000, ndipo ndinalipira 60,000 pa M-Pesa. Mauthenga ake ndinasunga. Ndisaname, pooneka chinthucho n'chokongola. Matailosi anayalidwa molunjika, thabwa la mlombwa pamwamba linapalidwa bwino, moti alendo ankachijambula pa foni. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo tinaziona Juni atangoyamba.

Inu a mumzinda wa Tete, komwe anthu amagona pakhonde pothawa kutentha, mwina mumaona ngati chowothera moto ndi chokongoletsera nyumba basi. Kuno kumtunda si choncho. Mwera ukamawomba mu Juni ndi Julayi, madzi a mu ndowa amaluma zala m'mawa, ndipo mayi anga, amene adutsa zaka 80, maondo awo amakana kuwongoka. Ndinawononga ndalama za mbatata ya kachewere ya chaka chonse kuti iwowo asiye kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda, chifukwa tonse tikudziwa mabanja amene anagona ndi mbaula osadzukanso.

Usiku woyamba kukoleza moto, utsi sunakwere. Unatulukira kukamwa kwa chowotheracho n'kudzaza pabalaza, siling'i n'kuda. Tinati mwina chumuni n'chozizira, chizolowera. Usiku wachitatu moto unafika pa makala okhaokha, utsi wooneka unatha, tinatseka mawindo chifukwa cha mphepo, mayi anatsala akuwotha. Cha m'ma 11 koloko mkazi wanga anawapeza akudandaula mutu, chizungulire, kenaka kusanza. Kamdzukulu komwe kanagona pampando nakonso kanadzuka kakulira mutu. Kuchipatala funso loyamba la namwino linali lakuti, “Kodi munalowetsa mbaula m'nyumba?” Ndinachita manyazi kuyankha kuti ayi, tinamangitsa chowothera cha ndalama zambiri. Anatifotokozera za mpweya wa carbon monoxide, kuti ulibe fungo kapena mtundu, ndipo munthu umam'fooketsa ali m'tulo osadziwa kanthu. Mayi anachira, tikuthokoza Mulungu. Akanagona pampando paja mpaka m'mawa, bwenzi kalata iyi ili ya mtundu wina.

Nditamuuza kapitawo wanu pa foni, yankho lake linali loti nkhuni zathu n'zaziwisi. Bwana, ine ndinabadwira pa mafuwa. Ndikudziwa kuti bulugama wamuwisi amafuka ndipo amasiya phula lakuda m'chumuni lomwe tsiku lina limatha kuyaka lokha. Nkhuni zangazi zinadulidwa mu Seputembala chaka chatha, zakhala pansi pa denga nyengo yonse ya dzinja, ukaziwombanitsa zimalira ngati mabelu. Vuto si nkhuni.

Ndinaitana mdala wina wa kuno amene anamangapo machumuni m'nyumba za ku mishoni kalekale. Anabwera ndi tepi yake, ndipo mwana wanga amene akuphunzira zomangamanga ku Beira anali pa foni akulemba manambala. Kukamwa kwa chowotheracho ndi masentimita 90 m'lifupi ndi 75 kutalika. Njira ya utsi m'kati mwa chumuni ndi 15 kwa 20 basi. Onse awiri, mdala wosapita kusukulu ndi mnyamata wa mabuku, ananena chimodzi: njira ya utsi imayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukamwako. Werengani nokha. Pamafunika masikweya sentimita pafupifupi 675, amisiri anu anasiya 300, osafika ndi theka lomwe. Komanso m'kati mwake muli zibuma za simenti zomwe zinagwera pomanga, palibe anazichotsa kapena kusalaza. Utsi ungadutse pati?

Kunja nako, chumuni chinathera m'munsi mwa nsonga ya denga. Mphepo ikawomba kuchokera kummwera imadumpha nsongayo n'kugwera m'chumuni momwemo, kukankhira utsi kwa ife. Mwana wanga anandiwerengera malamulo omangira a ku America, omwe amati chumuni chipitirire denga ndi masentimita pafupifupi 90 pamene chatulukira, ndiponso chitalike masentimita 60 kuposa chilichonse chomwe chili pa mtunda wa mamita atatu. Mwina munena kuti amenewo ndi a ku America, sakutikhudza. Chabwino, koma mdala uja sadziwa ndi komwe kuli America, ndipo atangoima pabwalo n'kuyang'ana kumwamba anapukusa mutu n'kunena kuti chafupika.

Chomwe chinandisowetsa tulo ndi chomwe tinapeza titakwera m'siling'i ndi tochi. Phaso limodzi la bulugama amisiri anu analimangirira m'khoma la chumuni lenilenilo, ngati kuti chumuni ndi mzati wogwira denga. Pamene lakhudza njerwa layamba kale kuda, ndipo ukalikanda ndi chikhadabo likuyoyoka. Takolezamo moto masiku atatu okha. Pakati pa mtengo ndi chumuni pamayenera kutsala mpata wa masentimita osachepera asanu. Mtengo ukamawotchedwa pang'onopang'ono usiku ndi usiku umauma mpaka kudzayaka ndi kutentha kochepa, ndipo moto wa m'denga umaoneka anthu akunja, eni nyumba ali m'tulo. Pamenepa sindikuona kulakwitsa kwa dzanja ayi, ndikuona munthu amene anadziwa kuti mwini nyumba sakwera m'siling'i.

Za m'kati moyaka moto, pa pepala lanu munalemba njerwa zopirira moto ndi dothi lake lapadera lomangira, ndipo munawerengera mtengo wake. Zomwe zilimo ndi njerwa wamba zowotcha za pa uvuni wa kuseri kwa msika, zomangidwa ndi simenti ndi mchenga, kenaka n'kupakidwa penti yakuda kuti zisadziwike. Simenti wamba sapirira malawi. Wang'ambika kale malo atatu, pena chala chikulowa, ndipo penti ija inatukusira n'kununkha nyumba yonse. Ndikukumbukanso kuti tsiku lomaliza ntchito kapitawo anasonkha chimoto cha makatoni, zitseko zonse zili pululu, n'kumati, “Onani bwana mmene chikukokera!” Makatoni amayaka msanga, ndipo zitseko zikakhala zotsegula chumuni chilichonse chimakoka. Tsopano ndamva kuti chomangidwa chatsopano chimayenera kusiyidwa masiku angapo kuti chiume, kenaka n'kuyamba ndi timoto ting'onoting'ono. Iye anachiwotcha chikadali chachiwisi, ine n'kumawomba m'manja.

Zina ndingotchula mwachidule. Kutsogolo simunasiye pakhonde pogwera makala, pomwe pamafunika masentimita 50 a njerwa kapena mwala, choncho mphasa yabooka pawiri. Pamwamba pa chumuni palibe chipewa, ndipo pomwe chabowola malata anangomatapo simenti m'malo mopinda lata lotchinga madzi. Mawawa a sabata yatha okha adontheza kale. Nanga mvula ya Januwale?

Chomwe ndikufuna ndi ichi. Pasanathe masiku 14 chilandirireni kalatayi, mubwere inuyo kapena munthu wodziwadi ntchitoyi, osati anyamata omwe aja okha. Chumuni chigumulidwe n'kumangidwanso ndi njira ya utsi yokwanira, chitalike kupitirira denga, phaso lija lidulidwe n'kulumikizidwa patali, m'kati muikidwe njerwa zomwe ndinalipira, ndipo ndizione ndi maso anga zisanamangidwe. Zonsezi pa ndalama zanu, pamodzi ndi kupentanso siling'i. Ngati simungathe, nenani poyera, mundibwezere 60,000 yanga ndipeze wina. Za 25,000 yotsala ija, uthenga wondikumbutsa womwe ofesi yanu inatumiza Lachiwiri ndauona, koma sindilipira kobiri ntchito isanakonzedwe.

Sindikonda milandu, koma masiku amenewa akadutsa muli chete ndikasiya nkhaniyi ku bungwe la boma loyendera za malonda, pamodzi ndi zithunzi, pepala lanu la mitengo ndi chikalata cha kuchipatala, potsatira lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009. Zithunzi za phasolo ndi ming'alu ndaziphatikiza pa kalata ino.

Tsiku lomwe mukubwera, mukafika pa mphambano ya Mussacama mundiimbire kuti ndikakudikirireni pamsika, ndipo mutenge makwerero anu aatali, chifukwa anga safika pansonga. Mubwerenso ndi jekete.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Ulongwe